Bambo Mpanza wa ku Orlando, Khansala wa Anthu Osowa Nyumba

Owerenga athu ambiri anamvapo za Soweto, mzinda waukulu wa anthu akuda umene uli kunja kwa Johannesburg m'dziko la South Africa. Ena mwa inu muli ndi agogo kapena amalume amene anapita ku Joni kukagwira ntchito, nabwerako ndi maina a malo monga Orlando, Pimville ndi Moroka. Koma ndi owerengeka amene adziwa kuti pa chiyambi cha kukula kwa mzinda umenewu panali munthu wa mpando waung'ono ndithu, membala chabe wa kabungwe kolangiza Azungu za lokeshoni ya Orlando. Munthuyo ndi Bambo James Sofasonke Mpanza, amene kufikira lero anthu akumeneko amawatchula kuti Tate wa Soweto.

Sabata ino tifuna kukusimbirani mbiri yao, zabwino ndi zoipa zomwe, pakuti m'menemo muli zambiri zotithandiza kudziwa chimene khansala angathe kuchitira anthu ake, ndi chimene ayenera kuopa.

Kumene anachokera

A Mpanza anabadwa pa 15 Meyi 1889 ku Georgedale, m'chigawo cha Natal, kwa Azulu. Anali mwana wochenjera pa sukulu, ndipo anaphunzira mpaka ku Adams College, sukulu ya mishoni yotchuka ya ku Amanzimtoti. Atatsiriza maphunziro analembedwa ntchito ya ukalaliki ndi yomasulira mau mu ofesi ya loya. Kumeneko ndiko anadziwira kayendedwe ka malamulo ndi ka milandu, nzeru imene inadzawathandiza kwambiri m'tsogolo.

Koma unyamata wao sunayende bwino. Mu 1912 anamangidwa chifukwa cha chinyengo pa ndalama. Atatuluka anachita choipa choposa choyambacho, pakuti pamodzi ndi mnzao anapha Mmwenye wa sitolo. Bwalo la milandu linagamula kuti anyongedwe, koma pambuyo pake chilangocho chinasinthidwa kukhala cha kundende moyo wonse. Sitibisa nkhani iyi, chifukwa munthu anafa, ndipo ntchito zabwino za pambuyo sizinamuukitse.

M'ndendemo poyamba anali mkaidi wovuta, kotero kuti ankawasamutsa kuchoka ku ndende ina kunka ku ina. Ali ku ndende ya Cinderella ku Boksburg anatembenuka mtima, nayamba kulalikira akaidi anzao, nalembanso kabuku ka za Chikhristu. Anamasulidwa mu 1927. Anaphunzitsako sukulu ku Pretoria, kenaka anakakhala ku Bertrams, m'kati mwa Johannesburg. Pamene Khonsolo ya mzinda inayamba kuchotsa anthu akuda m'malo amene inati ndi a Azungu, iwo anasamukira ku Orlando mu 1934.

Orlando ndi kayendetsedwe kake

Kuti timvetse ntchito ya a Mpanza, tiyambe tadziwa mmene lokeshoni inkayendetsedwera masiku amenewo. Orlando ili pa mtunda wa mamailosi pafupifupi 10 kumwera chakumadzulo kwa Johannesburg. Khonsolo ya mzinda inayamba kumangako nyumba kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1930, ndipo dzinali linatengedwa kwa Edwin Orlando Leake, khansala wachizungu amene anali wapampando wa komiti yoona za anthu akuda. Nyumbazo zinali zazing'ono, za njerwa ndi malata, za zipinda ziwiri kapena zitatu. Mwini wake anali Khonsolo. Wokhalamo ankangolipira lendi mwezi ndi mwezi, ndipo akalephera ankatulutsidwa.

Makhansala enieni a Johannesburg onse anali Azungu, osankhidwa ndi Azungu okhaokha. Iwo ankatuma Mzungu mmodzi kukhala woyang'anira lokeshoni, ndipo iyeyo ndiye ankagawa nyumba, kulandira lendi ndi kupereka zikalata za chilolezo. Ndalama zoyendetsera malokeshoni zinkachokera kwa anthu akuda eni ake, pa lendi, pa zindapusa, ndiponso kuyambira mu 1938 pa phindu la mowa wa masese umene Khonsolo inkagulitsa m'nyumba zake zomweramo.

Nanga anthu akuda ankalankhula kudzera mwa yani? Lamulo la mu 1923 linanena kuti lokeshoni iliyonse ikhale ndi bungwe lotchedwa Advisory Board, ndiye kuti bungwe la olangiza. Mamembala ena ankasankhidwa ndi anthu chaka ndi chaka, ena ankaikidwa ndi Khonsolo, koma wapampando ankakhala Mzungu. Bungweli linalibe mphamvu yoika lamulo kapena yogwiritsa ntchito ngakhale kobiri limodzi. Ntchito yake inali kunena maganizo basi, ndipo Khonsolo inali ndi ufulu womva kapena wokana. Komanso si onse amene ankaponya voti. Woponya voti anali yekhayo amene dzina lake linalembedwa m'buku la nyumba ku ofesi. Munthu wogona m'chipinda cha mnzake analibe mau.

A Mpanza anasankhidwa kulowa m'bungwe limeneli pakati pa zaka za m'ma 1930, ndipo anakhalamo zaka zambirimbiri. Gulu lao linkatchedwa Sofasonke Party. Mau akuti Sofasonke ndi a Chizulu, ndipo atanthauza kuti tidzafera pamodzi tonse. Anali munthu wodziwa kukopa anthu. Ankayenda pa kavalo m'miseu ya Orlando, nachititsa misonkhano, ndipo pakhomo pao sipankatha anthu obwera ndi madandaulo a lendi, a zikalata ndi a m'banja.

Nkhondo ibweretsa khamu la anthu

Mu 1939 inayamba Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse. Mafakitale a ku Johannesburg anachuluka ndi kukula, nafuna antchito ambiri. Nthawi yomweyo kumidzi kunali njala ndi kuchepa kwa minda, ndipo m'mafamu a Azungu malipiro anali ochepa zedi. Chotero anthu anakhamukira ku tauni, amuna pamodzi ndi akazi ndi ana ao. Mu 1936 anthu akuda a mu Johannesburg anali pafupifupi 230,000, koma pofika 1946 anapitirira 380,000.

Pamene anthu ankachuluka chotero, kumanga nyumba kunatsala pang'ono kuimiratu, pakuti ndalama, zitsulo ndi amisiri zinapita ku ntchito za nkhondo. Khonsolo inangolola kuti okhala m'nyumba zake azilandira ena ogona nao. Taganizani nyumba ya zipinda ziwiri muli mabanja awiri kapena atatu, apongozi ndi mkamwini kugona mopingasana, ana pansi pa tebulo, mbaula imodzi ndi chimbudzi chimodzi. Ulemu wa pakhomo unatha, mikangano inachuluka, ndipo matenda ankafala msanga.

A Mpanza anainena nkhaniyi m'misonkhano ya bungwe lao, nalembanso makalata kwa akuluakulu a Boma kupempha nyumba, kapena malo oti anthu adzimangire okha. Nyumba sizinaoneke. Apa ndi pamene anasiyana ndi mamembala ena. Ambiri akanati, ife tanena, ntchito yathu yathera pomwepa. Koma akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Mudzi wa masaka

M'mwezi wa Malichi 1944 a Mpanza anatsogolera mabanja ogona m'zipinda za eni kupita pa malo opanda kanthu a Khonsolo pafupi ndi Orlando. Iwo ankadzifanizira ndi Mose wotulutsa ana a Israeli. Anthu anazika mitengo, naikuta ndi masaka, makatoni, mapesi ndi zidutswa za malata. Pa masiku owerengeka panali misasa mazanamazana, ndipo anthu ena anabwera kuchokera ku malokeshoni ena ndi ku mafamu, kufikira chiwerengero chinakwana zikwi zambiri. Malowo anatchedwa Masakeng, mau a Chisutu otanthauza pa masaka, ndipo Azungu ankati Shantytown.

Onani chinthu chimodzi apa. Anthu amenewa ndi aja analibe voti. Khansala wongoganiza za chisankho cha chaka chamawa sakadataya nao nthawi. Koma a Mpanza anaona kuti vuto lalikulu la Orlando linali pa iwowa, ndipo kuti nyumba za oponya voti sizingapume pokhapokha alendowo atapeza pao.

Pa Masakeng panalibe ofesi ya Khonsolo, tsono a Mpanza ndi komiti yao ndiwo anakhala Boma la pamenepo. Wofuna malo ankalipira ndalama yolowera, ndipo banja lililonse linkapereka 2s. 6d. pa sabata, ndiye kuti mashilingi awiri ndi sikisipensi. Komiti inkagawa malo, inkalemba alonda osunga mtendere usiku ndi usana, inkaweruza milandu ing'onoing'ono, ndiponso inkasankha amene angachite malonda m'mudzimo. Mlendo sankangolowa popanda chilolezo.

Moyo wa pa Masakeng unali wowawa. Ku Johannesburg kumazizira koopsa mu Juni ndi Julayi, ndipo chisanu chimagwa usiku. Saka silitchinga mphepo, silitchinganso mvula. Madzi anali ovuta, zimbudzi zinali zosakwanira, ndipo ana ambiri ankadwala. Komabe anthu sanabwerere kumene anachokera. Anadziwa kuti akabalalika, aliyense adzakhalanso wopempha pogona payekha, koma akakhala pamodzi poyera, mzinda wonse udzaona umphawi wao. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Zipani zikuluzikulu za ndale za anthu akuda poyamba sizinaikeko mtima. Atsogoleri ophunzira ankaona a Mpanza monga munthu wosadalirika ndi wodzitama. Koma amai ndi abambo a m'misasa ankawaimbira nyimbo, nawapatsa dzina lakuti Magebhula, ndiye kuti wogamphula nthaka.

Khonsolo ichitapo kanthu

Khonsolo inasowa chochita. Kuthamangitsa anthuwo kunali kovuta, chifukwa ambiri anali antchito a m'mafakitale ndi m'nyumba za Azungu, ndipo panalibe kowapititsa. Kuwasiya kunalinso koopsa, chifukwa cha miliri, ndiponso chifukwa munthu wakuda anali kulamulira mudzi ndi kulandira msonkho pa malo a Khonsolo. Chotero inafulumira kumanga zipinda zongoyembekezera zoposa 4,000, za njerwa za phulusa la malasha zosanjikiza popanda matope. Anthu anazitcha Shelters. Zinali zonyozeka, koma zinaposa masaka, ndipo pofika chakumapeto kwa 1945 anthu a pa Masakeng anali atalowamo. Khonsolo inati zipindazo ndi za zaka zochepa chabe, koma anthu anakhalamo zaka zoposa 10.

Anthu ena osowa nyumba ataona zimenezi anati, kani njira ndi imeneyi. Kuchiyambi kwa 1946 gulu lina linalowa m'nyumba zimene zinali zisanathe kumangidwa ku Orlando West, ndipo midzi ya misasa inabuka ku Pimville, ku Alexandra ndi kwina, uliwonse ndi mtsogoleri wake, monga Schreiner Baduza wa ku Alexandra. Boma linaona kuti gwero la zonsezi ndi a Mpanza, ndipo linalamula kuti achoke ku Johannesburg akakhale pa famu ina m'boma la Ixopo ku Natal. Apa nzeru ija ya mu ofesi ya loya inagwira ntchito. Iwo anakana, nalimbana ndi lamulolo m'mabwalo a milandu mpaka ku bwalo lalikulu la apilo, ndipo mapeto ake anakhalabe munthu wa ku Orlando ndi membala wa bungwe lake.

Mu 1947 Khonsolo inatsegula msasa waukulu wa Moroka, kumene banja lililonse linkapatsidwa kamalo ka mafiti 20 m'litali ndi m'lifupi momwe kuti lidzimangire. Kumeneko ndiko anasonkhanitsidwa anthu a m'midzi ya misasa ija. Koma Moroka nayo inasanduka malo a uve ndi matenda. Mu 1956 Sir Ernest Oppenheimer, mkulu wa makampani a migodi, atakaona yekha mmene anthu ankakhalira, anakonza kuti makampani a migodi akongoze Khonsolo mapaundi 3,000,000 omangira nyumba. Ndi ndalama zimenezi, pamodzi ndi za Boma, kunamangidwa nyumba zikwizikwi, ndipo anthu a ku Moroka ndi a ku Shelters anasamutsidwiramo. Malokeshoni onsewa ataphatikizana anapatsidwa dzina limodzi mu 1963, lakuti Soweto, lofupikitsa mau a Chingerezi otanthauza malokeshoni a kumwera chakumadzulo.

Tisanamizane kuti nyumba zonsezi zinamangidwa chifukwa cha chifundo, kapena chifukwa cha a Mpanza okha. Kuyambira mu 1948 dzikolo linali pansi pa Boma la tsankho, limene linkafuna kuti anthu akuda akhale kutali ndi Azungu, pa malo osavuta kuwalonda. Anthu a ku Sophiatown anagwetseredwa nyumba zao kuyambira mu 1955, natengedwa mokakamiza kupita ku Meadowlands, pafupi ndi Orlando pomwepo. Komabe nzoona kuti amene anayamba kukakamiza Khonsolo kuvomera kuti mabanja a anthu akuda ali m'tauni ndipo afunika pokhala, ndi anthu a masaka aja a mu 1944.

Ntchito zina za pakati pa anthu

Kupatula za nyumba, a Mpanza ankadera nkhawa za ana osamvera ndi za achifwamba otchedwa atsotsi, amene ankalanda anthu malipiro pochokera ku sitima madzulo. Apolisi a Boma ankalimbikira kugwira anthu opanda pasi ndi amai ofulula mowa, osati kuteteza anthu a m'lokeshoni. Tsono iwo ankalimbikitsa kuti abambo azilonda okha miseu yao usiku, ndipo pakhomo pao anakhazikitsa bwalo la makolo, longa bwalo la kwa mfumu kumudzi. Kumeneko ankayanjanitsa mabanja okangana, ndipo makolo ankabweretsa ana owavuta. Mwana wopezeka wolakwa ankakwapulidwa. Akuluakulu ambiri ankayamikira bwaloli, koma silinali lovomerezeka ndi lamulo, ndipo wolangidwa molakwika analibe kokadandaula.

Analinso munthu wokonda masewera. Ankaweta ndi kuphunzitsa akavalo a mpikisano, ngakhale kuti malamulo a tsankho ankawatsekereza pa zambiri. Ankakondanso mpira chiyambire ku sukulu, ndipo dzina lao limatchulidwa m'mbiri ya Orlando Pirates, timu imene inayamba mu 1937 monga kalabu ya anyamata a ku Orlando.

Zimene anthu ankawanena

Mtengo wautali ndiwo ugwidwa ndi mphepo, ndipo a Mpanza ankanenedwa zambiri. Choyamba chinali cha ndalama. Msonkho wonse wa pa Masakeng unali m'manja mwa iwo ndi komiti yao, ndipo akuluakulu a Khonsolo pamodzi ndi opikisana nao pa chisankho ankati akulemerera pa amphawi. Owatsata ankayankha kuti ndalamazo ndizo zinkalipira alonda ndi maloya. Mkangano wotere sutha pamene ndalama za gulu zisungidwa ndi munthu yemwe azilandirayo.

Chachiwiri chinali cha kalamulidwe. Iwo ankalamula monga mfumu, ndipo sankakondwera ndi wowatsutsa. Yemwe ankagawa malo ndi yemwenso ankaweruza milandu ndi kutuma alonda.

Chachitatu chinadza atakalamba. Mu 1968 Boma la tsankho linakhazikitsa ku Soweto bungwe latsopano lotchedwa Urban Bantu Council m'malo mwa mabungwe a olangiza aja, ndipo a Mpanza ndi gulu lao anagwirizana nalo. Achinyamata ankaliseka bungweli kuti ndi kalabu ya anyamata opanda pake, chifukwa nalonso linalibe mphamvu zenizeni. Iwo ankafuna kugwetsa tsankho lonse, pamene a Mpanza ankangolimbana ndi za nyumba, lendi ndi mtendere wa m'miseu. Bungwelo linatha mu 1977, ana a sukulu atakakamiza mamembala ake kutula pansi maudindo.

A Mpanza sanazione zimenezo. Anamwalira pa 23 Sepitembala 1970 ali ndi zaka 81, naikidwa ku manda a Doornkop, ndipo pa maliro ao panasonkhana khamu lalikulu. Nyumba yao ya ku Orlando East inaikidwa m'gulu la malo osungidwa chifukwa cha mbiri yake.

Tiphunzirapo chiani?

Ife sitikuuza munthu kuti akalande malo a eni. A Mpanza anachita zimene anachita mu mzinda umene munthu wakuda analibe voti yosankha Khonsolo kapena Boma, ndipo anayamba apempha ndi kulemba makalata. Makhansala a masiku ano, ku South Africa ndi kuno kwathu komwe, amasankhidwa ndi anthu onse, ndipo ali ndi mau pa ndalama za Khonsolo, chinthu chimene a Mpanza analibe pa moyo wao wonse.

Tsono ngati munthu wa mpando wopanda mphamvu anatha kugwedeza Khonsolo ya mzinda wolemera monga Johannesburg, khansala wa mpando wa mphamvu alibe chowiringula. A Mpanza ankakhala pakati pa anthu ao, ankadziwa malamulo, ankadziwa vuto limene linkawasowetsa tulo, ndipo analigwira osalitaya, ngakhale kuti ovutikawo sanali omwe ankawaponyera voti. Izi ndi zoyenera kuzifuna mwa khansala aliyense.

Koma mbali inayo isaiwalike. Munthu wolimba mtima afunika anthu omuyang'anira, makamaka pa ndalama ndi pa milandu. Khansala wanu akasonkhetsa ndalama za mjigo, za mlatho kapena za sukulu, funsani lisiti, ndipo pemphani kuti buku la ndalama liwerengedwe pa msonkhano, anthu onse akumva. Khansala woona sakwiya ndi funso lotere, pakuti buku loyera ndilo limteteza kwa omunena.